Keir Hardie: anamukuwiza ali moyo, lero akulimbirana dzina lake

Mu chipani cha Labour kuno ku UK anthu amakangana pa chilichonse, za misonkho, za nkhondo, za ife obwera, koma pali dzina limodzi loti aliyense akaima pa nsanja amafuna alitchuleko basi, Keir Hardie, mmodzi mwa amene anayambitsa chipanicho. Aja okonda sosholizimu yeniyeni amati ndi wathu, aja a masuti ofuna kusangalatsa amabizinesi nawonso amati ndi wathu, mpaka Keir Starmer amene anakhala nduna yaikulu mu July 2024 dzina lakelo amati makolo ake anamupatsa potengera mdala ameneyu. Ndiye September akamapita kumapeto, poti anamwalira pa 26 September 1915, mumayamba kuona zithunzi zake zikuyenda pa Facebook, ndevu zoyera, nkhope yosaseka, pansi pake mawu okoma okoma, ena mpaka kukaika maluwa pa chiboliboli chake.

Ine vuto langa ndi zikumbutso zimenezi ndi loti munthuyo amamuchapa mpaka kuyera mbuu, amasanduka agogo ofatsa oti sanaputepo munthu. Pomwe ali moyo anali wovuta, wamakani, wokonda kuima yekha, nyuzipepala zinkamunyoza, aphungu anzake ankamukuwiza, ndipo pomaliza penipeni anthu a m'dera lake lomwe anamutembenukira. Ambiri mwa amene akumutamanda lerowa ndikukayika ngati akanatha kukhala naye mu miting'i imodzi mpaka kumapeto.

Anabadwa pa 15 August 1856 ku Lanarkshire, m'kanyumba kakang'ono kufupi ndi Holytown, chakum'mawa kwa Glasgow. Mayi ake Mary Keir anali wantchito wa kwa anthu, nthawi imeneyo asanakwatiwe, ndiye mukudziwa kale mmene anthu ankamuonera mwana wobadwa choncho. Kenako mayiwo anakwatiwa ndi David Hardie, kalipentala wa sitima za pamadzi, banja n'kusamukira ku Glasgow. Za sukulu iwalani. Ali ndi zaka 7 anali atayamba kale ntchito yotumidwa, kuwerenga anamuphunzitsa ndi makolo ake madzulo kunyumba.

Pali nkhani imodzi ya ubwana wake imene iye mwini anailemba atakula, ndipo ukaiwerenga umamvetsa kumene mkwiyo wake wonse unachokera. Ali ndi zaka 10 ankagwira ntchito yoperekera buledi pa bekale ina ku Glasgow, ndipo nthawi imeneyo ndi iye yekha amene ankabweretsa kangachepe pakhomo, bambo aja ntchito inali itaima, mayi ali oyembekezera mwezi wake womwewo, mchimwene wake wamng'ono ali gone ndi matenda amene anadzamutenga. Mwanayo ankachezera usiku kudwazika ndiye anachedwa kuntchito kawiri. Bwana, amene ankadziwika kuti ndi munthu wopemphera kwambiri, anamuitanitsa m'mwamba kunyumba kwake, kumupeza ali pa tebulo ndi banja lake akudya kadzutsa, chakudya chili mbwee, mwana wanyowa ndi mvula m'mimba mulibe kanthu, ndipo pompo anamuuza kuti ntchito yatha komanso malipiro a masabata awiri sawaona, chikhale chilango. Anali masiku a chaka chatsopano. Anazungulira m'misewu tsiku lonse kuopa kukawauza mayi ake, ndipo usiku womwewo mayiwo anachira, khanda kubadwira m'nyumba mopanda moto mopanda chakudya. Chodabwitsa ndi choti munthu ameneyu atakula anadzakhala Mkhristu wolimba, pomwe makolo ake anali atasiya za Mulungu, ndipo ankanena poyera kuti sosholizimu yake waitenga kwambiri kwa Yesu kuposa kwa Karl Marx. Koma Akhristu olemera opondereza antchito ankawalasa mosanyengerera mpaka imfa yake.

Atachoka ku Glasgow, akadali ndi zaka 10 zomwezo, analowa mu mgodi wa malasha. Lamulo la 1842 linkaletsa ana osakwana zaka 10 kulowa pansi, ndiye ukangokwanitsa basi, tsika. Ntchito yake yoyamba inali yokhala pa chitseko cha mpweya, kutsegula ngolo ya malasha ikamadutsa n'kutsekanso kuti mpweya wabwino uziyenda njira yake, maola 10, yekhayekha, mu mdima. Tangoganizani mwana wa Sitandade 4. Kenako anayamba kuyendetsa timahatchi ta mu mgodi, pofika zaka 20 anali wokumba weniweni. Madzulo ankapita ku sukulu ya usiku, ndipo amati ankaphunzira kalembedwe kachidule kaja ka atolankhani pokanda pa mwala woudetsa ndi utsi wa nyali yake. Kuyankhula pagulu anaphunzirira ku tchalitchi ndi ku gulu lodana ndi mowa, iyeyo sankalawa n'komwe.

Apa ndipatuke pang'ono poti ife a ku Malawi tikamva Blantyre timangoganiza za Ndirande ndi Limbe. Blantyre woyambayo, kwawo kwa David Livingstone, ali ku Lanarkshire komweko, moyandikana ndi Hamilton kumene Hardie ankagwira ntchito, ndipo unali mudzi wa migodi. Pa 22 October 1877 mgodi wa ku Blantyre unaphulika n'kupha anthu oposa 200, ngozi yaikulu kwambiri ya mu mgodi m'mbiri ya Scotland. Chaka chimodzi chokha amishoni a Church of Scotland atatsegula mishoni ya Blantyre kwathu mu 1876. Ndiye dziko lomwe linkatitumizira amishoni lija kwawo linkakwirira ana m'migodi, ndipo mnyamata Hardie zimenezi ankaziona ndi maso.

Atangoyamba kuyankhulira anzake pa nkhani ya malipiro mabwana anamuchotsa ntchito, iye ndi abale ake awiri, n'kuuzana m'deralo kuti a Hardie asalembedwenso pa mgodi uliwonse. M'malo momumaliza anamupatsa ntchito ina, anakhala wa yuniyoni nthawi zonse kuyambira 1879, ndipo cha m'nthawi yomweyo anakwatira Lillie Wilson. Sitalaka ya 1880 ku Lanarkshire anthu amaikumbukira ndi mbatatesi, poti yuniyoni inalibe ndalama ndiye mabanja ankangodalira mbatatesi zimene Hardie ndi anzake ankapempha kwa amalonda, mkazi wake akuphikira ana a anthu pakhomo pawo. Sitalakayo inalephera. Anasamukira ku Cumnock ku Ayrshire, kumeneko ina inalepheranso, n'kumadya za utolankhani polemba mu nyuzipepala ya m'deralo mpaka anayambitsa yakeyake, The Miner, mu 1887, imene inadzasanduka Labour Leader.

Tsopano chinthu chenicheni chimene munthuyu anasiya, kwa ine, chili apa. Nthawi imeneyo zipani zinali ziwiri, Conservative ndi Liberal, ndipo antchito amene anali ndi voti ambiri ankavotera Liberal poti ndiye ankaoneka achifundo. Hardie nayenso anali wa Liberal. Koma anayamba kuona kuti ambiri mwa akuluakulu a Liberal ndi eni migodi ndi mafakitale omwewo. Zinali ngati tenanti wa pa esiteti ya fodya kutuma mwini esiteti kuti akamudandaulire ku boma za mtengo umene akumugula nawo fodya. Mu 1888 kunali chisankho chachibwereza ku Mid Lanarkshire, dera lodzaza ndi anthu a m'migodi, Hardie anafuna kuimira koma a Liberal anakatenga loya wa ku London. Anamunyengerera kuti asiye, adzamupezera mpando kwina ndi kamalipiro pamwamba, iye anakana n'kuima payekha. Anapeza mavoti 617, nambala yomaliza. Wina akanapita kukapepesa kwa mabwana, iye miyezi yochepa yotsatira anayambitsa Scottish Labour Party ndi R. B. Cunninghame Graham. Mfundo yake inali yosavuta kumva, wantchito asabwereke pakamwa pa bwana, akhale ndi chipani chakechake ndi aphungu akeake. Lero zikumveka zachidziwikire koma nthawi imeneyo olo atsogoleri a mayuniyoni ambiri ankamuona ngati wosokoneza amene akungogawa mavoti.

Mu 1892 anapambana ku West Ham South, kum'mawa kwa London. Tsiku lopita ku Nyumba ya Malamulo anthu ake anamuperekeza pa ngolo ya mahatchi wina akuliza lipenga, ndipo pomwe aphungu onse ankavala majekete akuda aatali ndi zipewa zazitali zija iye analowa ndi suti wamba ya ubweya ndi kapusi kumutu. Nyuzipepala zinachita nazo chipongwe koopsa. Komanso dziwani kuti aphungu nthawi imeneyo sankalandira malipiro, anayamba kulandira mu 1911, ndiye Nyumbayo inali ya anthu oti ali nazo kale, munthu wochokera mu mgodi kuti akhalemo zinali zoti ena azimusonkhera. Chifukwa chosalekeza kufunsa za anthu osowa ntchito anamupatsa dzina loti phungu wa malova. Mu January 1893 ku Bradford anakhazikitsa Independent Labour Party (ILP), iye n'kukhala wapampando.

Koma nkhani imene ine ndimaikonda kuposa zonse ndi ya June 1894, ndipo ndikuganiza kuti Mmalawi aliyense aimva msanga poti ndi nkhani ya maliro. Pa 23 June mgodi wa Albion ku Cilfynydd, kufupi ndi Pontypridd ku Wales, unaphulika, anthu 290 anafa, abambo ndi anyamata. Tsiku lomwelo ku banja lachifumu kunabadwa mwana wamwamuna, mwana wa chidzukulu cha Mfumukazi Victoria. Mawa lake pulezidenti wa France, Sadi Carnot, anaphedwa. Ndiye Nyumba ya Malamulo inakonza uthenga wopepesa dziko la France, inakonzanso uthenga wa mafuno abwino kwa mfumukazi chifukwa cha khandalo. Hardie anapempha kuti mabanja a ku Cilfynydd nawonso Nyumbayo iwapepese mwa dongosolo lomwelo. Anamukanira. Tangoganizani abale, mudzi wonse uli pa maliro, mabokosi mazana, amasiye ali pa mphasa, inu mukudutsa osagwada n'komwe kuthamangira kukaona mwana kwa mfumu.

Hardie anaimirira pa zokambirana za uthenga wa khanda uja n'kutsutsa, yekha. Ananena kuti mwana ameneyu kuyambira ali wamng'ono adzazunguliridwa ndi anthu omunyambita ndi omutamanda mwachinyengo, adzaphunzitsidwa kudziona ngati wolengedwa mwapadera, adzamuyendetsa dziko lonse lapansi, kenako kudzamveka mphekesera za ukwati wosavomerezeka ku banja lachifumu, ndipo bilu yonse adzalipira ndi anthu wamba. Nyumba yonse inaphulika, kukuwa, kumuwowoza mbali zonse ziwiri, panalibe olo mmodzi womuikira kumbuyo. Chosekesa ndi choti khanda lija ndi limene linadzakhala Edward VIII, amene anatula pansi ufumu mu 1936 kuti akwatire Wallis Simpson. Sindikunena kuti anali mneneri ayi, anangodziwa mmene ana oleredwa choncho amathera. Chaka chotsatira, 1895, mpando uja anauluza, ndipo onse 28 amene anaimira ILP anagwa.

Tsono apa pali mbali imene aja omukonda ngati munthu wosagonja amaidumpha. Atagwa choncho anazindikira kuti asosholisiti paokha ndi ochepa, ndalama ndi anthu zili ku mayuniyoni, ndipo ambiri a mayuniyoniwo za sosholizimu analibe nazo ntchito, ankangofuna malipiro ndi maola abwino. Ndiye anameza zina mwa mfundo zake kuti agwirizane nawo. Pa 27 February 1900 ku Memorial Hall mu Farringdon Street ku London, nthumwi 129 za mayuniyoni ndi magulu a sosholizimu zinavomereza ganizo la Hardie lokhala ndi gulu la aphungu a antchito loima palokha, osalikakamiza kulumbira za sosholizimu. Analitcha Labour Representation Committee, mlembi wake Ramsay MacDonald. Chaka chomwecho anapeza aphungu awiri okha, Hardie ku Merthyr Tydfil ku Wales ndi Richard Bell ku Derby. Chimene chinawathandiza ndi chigamulo cha khoti cha Taff Vale mu 1901 chimene chinati yuniyoni ikhoza kulipitsidwa pa zimene kampani yaluza nthawi ya sitalaka, apa mayuniyoni anaona okha kuti popanda anthu awo m'Nyumba ya Malamulo atha. Komanso mu 1903 MacDonald anapangana mwachinsinsi ndi a Liberal omwe aja kuti m'madera ena asamapikisane. Mu 1906 anapeza aphungu 29, dzina n'kusintha kukhala Labour Party, Hardie n'kusankhidwa mtsogoleri wa aphunguwo ndi voti imodzi yokha pamwamba pa David Shackleton.

Utsogoleriwo sanauthe, tinene zoona. Za makomiti, kunyengerera anthu, kuwerenga manambala m'makonde, sizinali zake, ndipo pofika 1908 anali atausiya kwa Arthur Henderson. Iye anali wa pa nsanja, wa m'misewu. Komabe zaka zimenezo ndi zimene kunabwera lamulo lofafaniza Taff Vale ndi la chakudya cha ana osauka m'sukulu mu 1906, ndi penshoni ya okalamba mu 1908, boma linali la Liberal inde koma linkadziwa kuti kumbuyo kuli anthu akulisuzumira.

Ankawatopetsanso anzake a chipani ndi nkhani zimene iwo ankati sizibweretsa mavoti. Ufulu wa amayi wovota anaugwira ndi manja awiri, anali mnzawo wa banja la Pankhurst limene linkatsogolera amayi omenyera voti, ndipo mu 1909 boma litayamba kudyetsa mokakamiza amayi omenyera voti amene ankakana chakudya m'ndende iye anadzudzula m'Nyumba ya Malamulo aphungu ena akuseka. Mu 1907 anapita ku India n'kukanena kuti Amwenye ayenera kudzilamulira, nyuzipepala za ku London zinamutcha woukira. Kumayambiriro kwa 1908 anafika ku South Africa, ndipo poti ananena kuti mayuniyoni a azungu atsegule zitseko kwa antchito akuda, magulu a azungu anasokoneza misonkhano yake, ku Johannesburg mpaka miyala. Amenewo anali antchito anzake, ena ochokera ku Britain komweko.

Ndiye mwina mukuti koma ndiye munthu wathu uyu. Dikirani. Hardie yemweyu kumapeto kwa zaka za m'ma 1880, akadali wa yuniyoni ku Ayrshire, kampani ya zitsulo ku Glengarnock itabweretsa antchito ochokera ku Lithuania, amene anthu ankangowatcha ma Pole, analankhula zonyansa za anthu amenewa. Ankati abwera kudzatsitsa malipiro, ndipo analemba zoti mwina awabweretsa kuti aphunzitse anthu kukhala moyo wa adyo ndi mafuta kapena kuti abweretse mliri. Mawu ake ndi omwewo amene ife timawamva lero m'basi ndi pa intaneti, angosintha mtundu wa anthu. Ena amamuteteza kuti mkwiyo wake unali pa mabwana amene ankagwiritsa ntchito alendo kuphwanya masitalaka, zoona mabwana ankachitadi zimenezo, koma adyo ndi mliri sanatukwanire mabwana. Ine monga munthu amene ndinabwera kuno kudzasambitsa ndi kudyetsa okalamba a eni dziko sindingaidumphe mbali imeneyi, makamaka pamene boma la chipani chake chomwecho mu July 2025 linatseka khomo lolembera anthu a ntchito ngati yangayi kuchokera kunja. Chimene ndingamupatse ndi choti Hardie wa ku Johannesburg mu 1908 sanalinso Hardie wa ku Glengarnock, munthuyo anayenda, anakula. Koma pa zithunzi za September zija simudzaonapo mawu a adyo.

Ku Cumnock ndinapitako tsiku lina la ofu, pa basi kuchokera ku Glasgow. Chinandikoka ndi gogo wina amene ndimamusamalira, bambo ake anali a mu mgodi ku Ayrshire, zambiri anaiwala, nthawi zina olo dzina la mwana wake, koma ukangotchula Hardie amawongoka pa mpando n'kuyamba kufotokoza za chithunzi chimene chinali pa khoma kwawo ali mwana. Tauniyo ndi yaing'ono, migodi inatsekedwa kalekale, mashopu ena otseka, kamvula kowaza kosalekeza kaja. Chiboliboli chili panja pa Town Hall, mutu ndi mapewa basi pa mwala wautali, anthu akungodutsa ndi majumbo awo a ku shopu osachiyang'ana. Ku Baird Institute chapafupi pomwepo kuli chipinda chosungiramo katundu wake. Nyumba yake, Lochnorris, ikadalipo, ndipo mwana wake wamkazi Nan anadzakhala mkulu wa khonsolo ya tauniyo. Koma chimene chinandiseketsa ndekha ndili chiimire pamvulapo ndi ichi, chibolibolicho, chimene anachivundukula mu 1939, anachiumba ndi Benno Schotz, Myuda wobadwira ku Estonia amene anabwera ku Glasgow ngati mlendo. Estonia ndi Lithuania ndi mayiko a chigawo chimodzi. Nkhope imene Cumnock imamukumbukira nayo inatuluka m'manja mwa obwera.

Mathero ake ndi omvetsa chisoni. Kwa zaka zambiri ankalalikira kuti nkhondo ikadzayamba antchito a mayiko onse adzangonyanyala ntchito, mu 1910 ku Copenhagen iye ndi Édouard Vaillant wa ku France anabweretsa ganizo limeneli pa msonkhano wa asosholisiti a mayiko osiyanasiyana. Pa 2 August 1914 anayankhula ku Trafalgar Square kukana nkhondo. Masiku awiri otsatira Britain inalowa nkhondo ndipo antchito aja m'malo monyanyala anathamangira kukalembetsa usilikali, a ku Germany chimodzimodzi, chipani chake chomwe ambiri anagwirizana ndi boma. Pa 6 August anakachititsa msonkhano ku Aberdare, m'dera lake, pakati pa anthu a m'migodi amene anawayankhulira moyo wake wonse, ndipo anamukuwiza osamulola kumveka, akuimba nyimbo za fuko, mpaka kumutsatira m'misewu. Amene anali naye pafupi amati kuyambira tsiku limenelo sanakhalenso bwinobwino. Anadwala sitiroko, kenako chibayo, n'kumwalira ku Glasgow ali ndi zaka 59. Ndipo pa chisankho chachibwereza cholowa m'malo mwake ku Merthyr anthu anasankha C. B. Stanton, munthu wokonda nkhondo amene anatsogolera nawo chisokonezo cha ku Aberdare chija, kugonjetsa amene chipani cha Labour chinamuimika.

Chaka cha 1915 ife timachidziwa ndi munthu wina. Kumapeto kwa 1914, nkhondo ya ku Karonga itachitika kale, John Chilembwe analemba kalata ku Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda osauka akufera nkhondo yosawakhudza n'kusiya amasiye, ndipo anati olemera, eni mabanki, eni masitolo ndi eni minda ndi amene apite akawomberedwe. Mfundo yake ndi yomweyo imene Hardie ankakuwizidwira ku Wales miyezi yomweyo, kuti nkhondo amapangana ndi akuluakulu koma okafa ndi amphawi. Njira zawo zinasiyana, m'busa wa ku Mbombwe anatenga zida mu January 1915 n'kuphedwa mu February, mdala wa ku Cumnock anafa ndi mtima wosweka mu September, komanso tisafanizire mopyola, wina anali phungu mu likulu la ufumuwo pomwe wina anali pansi pa chidendene chake.

Chipani chija chinakula iye atapita. Boma loyamba la Labour linabwera mu 1924 ndi MacDonald, lamphamvu lenileni mu 1945 ndi Clement Attlee, ndipo mu 1948 Aneurin Bevan, amenenso anayambira mu mgodi ku Wales, anatsegula NHS, zipatala za boma zaulere, imene Amalawi ambiri kuno akugwiramo ntchito. Ulusi wina unafika mpaka kwathu. Fenner Brockway, amene anatembenuka mtima ali mtolankhani wachinyamata atacheza ndi Hardie mu 1907, ndi amene anadzatsogolera gulu lolimbana ndi utsamunda la Movement for Colonial Freedom kuyambira 1954, nthawi imene makolo athu ankalimbana ndi chitaganya. Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay, amene anayambitsa yuniyoni ya ICU ku Cape Town mu 1919, atafuna mlangizi kuchokera ku Britain anthu a ILP ndi amene anathandiza kutumiza William Ballinger wa ku Motherwell mu 1928, olo kuti awiriwo sanachedwe kuyambana. Kamuzu naye ali dokotala ku London anali membala wa Labour. Koma tisaiwale kuti zokambirana za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland zinayamba boma lili la Labour, a Conservative anangodzamalizitsa mu 1953. Chipani cha antchito chikalowa m'boma chimayamba kuganiza ngati boma.

Ndiye funso limene anthu amakangana chaka ndi chaka ndi loti Hardie akanakhala mbali iti lero. A masuti aja ali ndi mfundo, munthuyu anadziwa kugwirizana ndi anthu osagwirizana naye, ndipo popanda kulolera kwa 1900 kuja sipakanakhala chipani, pakanangokhala kagulu ka anthu olankhula bwino m'maholo opanda anthu. Zimenezo ndikuvomera. Koma kulolera kwake kunali pomanga chipani, ikafika nkhani ya ana anjala kapena maliro a amphawi ankaimirira olo akhale yekha, ndipo mpando anauluzapo chifukwa cha zimenezo. Mu July 2024, Labour itangotha masabata ochepa m'boma, kunabwera voti yofuna kuchotsa lamulo limene linkaletsa mabanja osauka kulandira thandizo la boma pa mwana wachitatu ndi otsatira. Boma linati ndalama palibe pakadali pano, aphungu ake onse avote kukana. Aphungu 7 a Labour, mmodzi mwa iwo John McDonnell, anavota kuti lamulolo lichoke, ndipo usiku womwewo anaimitsidwa m'gulu la aphungu a chipanicho kwa miyezi 6. Mwana uja wa pa bekale, woyamba m'banja la ana ambirimbiri, ine sindikuona mmene akanavotera mbali inayo, akanakhala wa nambala 8 pa mndandanda wa oimitsidwawo, ndipo kalata yake ikanachokera ku ofesi ya munthu wotchedwa dzina lake.